Land Rover yapendekeka kumbuyo: yambani ndi chasisi

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti bambo ake anamusiyira Land Rover Series III ya 1974, yaifupi ija ya mainchesi 88 kuchokera pa matayala akutsogolo kufika pa akumbuyo, ndipo yatha zaka ili pansi pa mtengo wa mango. Kumbuyo yapendekekera mbali imodzi. Akufunsa ngati kugula masipuling'i atsopano kungathetse vutoli.

Achimwene, ndalamayo ibakhalani nayo m'thumba. Tengani nyundo mulowe kunsi. Galimoto zimenezi, zomwe zinkapangidwa ku Solihull kuyambira 1971 mpaka 1985, bodi yake ndi ya aluminiyamu, n'chifukwa chake zimapusitsa anthu. Kunja zimaoneka bwinobwino pomwe chasisi, chimango chonyamula bodi cha chitsulo chopyapyala chopangidwa ngati bokosi, chikudyedwa ndi dzimbiri kuchokera mkati, momwe matope amalowa osatulukanso. Gogodani crossmember yakumbuyo, chitsulo chopingasa cholumikiza mbali ziwiri za chasisi, ndi pomwe pamakoloweka masipuling'i. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee. Chowola chimangoti phu, n'kukuthirani fumbi lofiira m'maso. Yanga ine nyundo inalowa yonse, ndinachita kuitulutsa ndi dzanja.

Mukapeza zotere, sipuling'i yatsopano ilibe pogwira. Dulani mpaka mufike pa chitsulo chowala, ndipo musalole wowotcherera kumata chigamba pamwamba pa dzimbiri, ngakhale atakulonjezani mtengo wachibale. Musanadule, yezani mopingasa kuchokera ngodya ina kufika ina, mulembe papepala, ndipo muwotcherere kachitsulo kogwirizira kuti mbali ziwirizo zisatayane. Mukaphonya pamenepa galimoto idzayenda chammbali ngati nkhanu, matayala n'kumatha mbali imodzi. Kumbukiraninso kuti mawaya a magetsi akumbuyo amadutsa mkati mwa chasisi. Asololeni kaye, mumangirire chingwe chodzawakokera pobwezera, ndipo batire muchotse. Thanki ya mafuta isayandikane ndi moto.

Tsopano masipuling'i aja. Mwina sanafe n'komwe. Nthawi zambiri dzimbiri limangomatanitsa zitsulo zake zosanjikizana moti sizitereranso. Amasuleni, mupale chimodzichimodzi, muone ngati pali chothyoka. Pochotsa ikani chizindikiro, chifukwa ya mbali ya dalaivala imakhala yopindika kwambiri kuposa inzake, ndipo mukazisinthanitsa kupendekeka kuja kubwereranso. Mabushi, malabala okhala m'zigoba zachitsulo pomwe masipuling'i amakoloweka, sinthani onse. Akale akakana kutuluka, wotchani labala, kenako mucheke chigoba chake ndi sowo. Ma U-bolt, mabawuti opindika omangira sipuling'i ku ekiselo, gulani atsopano, akale anatanuka kale.

Pomwe amakaniko ambiri amapupuluma ndi pa mabawuti a shackle, tizitsulo tolumikiza sipuling'i ku chasisi. Musawamange zolimba galimoto ili pa jeke. Itsitseni pansi, muikemo katundu pang'ono, matumba awiri a chimanga akwanira, muigwedeze kangapo, ndiye mumange. Mukamanga ili m'mwamba, labala amapotoka galimoto ikangotera, ndipo mabushi atsopanowo sachedwa kung'ambika.

Mukamaliza, thirani mafuta oletsa dzimbiri mkati mwa chasisi, mutsegule timabowo tonse totulukira madzi, ndipo munditumizire chithunzi cha crossmember yakaleyo musanaigulitse kwa ogula zitsulo.