Za ulendo wa ku France uja, funsani kaye kuti ana akagona kuti

Amayi, mwafunsa ngati n'koyenera kulola mwana wanu wa zaka 16 kupita nawo pa ulendo wa sukulu wa masiku 10 ku France, wa ana omwe akuphunzira Chifalansa ndi zojambulajambula, kapena kumeneko n'kungotaya ndalama kuti ana akajambulitse pa Eiffel Tower. Ine ndi mphunzitsi ndipo ndaperekezapo ana kawiri pa maulendo otere, ndiye ndikuuzani zomwe ndinaona ndi maso anga.

Musanayang'ane n'komwe mtengo, afunseni a sukulu kuti ana akagona kuti. Ulendo woyamba tinagona tonse pamalo amodzi. Kuyambira m'mawa mpaka usiku ana ankangocheza okhaokha m'chilankhulo chawo, akafuna kanthu n'kukankhira kutsogolo mnzawo mmodzi wodziwako bwino kuti awalankhulire. Anabwerako ndi "bonjour" ndi "merci" zomwe ananyamuka nazo zija. Ulendo wachiwiri tinawagawa awiriawiri m'mabanja a komweko. Masiku oyamba misozi inalipo, sindikubisirani. Koma mtsikana wina wamanyazi, yemwe m'kalasi sankakweza dzanja ngakhale umuloze, anadzandiuza tsiku lachinayi kuti madzi otentha kubafa anamukanika, mnzake ali mtulo, ndiye anakagogoda yekha kuchipinda kwa mayi wa pakhomopo. Anafotokoza ndi Chifalansa chothyokathyoka, kwina ndi manja, mpaka anamvana. Kuchokera tsiku limenelo pakamwa panamasuka. Masiku 10 sangamusandutse mwana katswiri, ayi, koma mantha olankhula aja amatha, ndipo mantha amenewo ndi omwe amatisowetsa mtendere ife aphunzitsi chaka chonse.

Kumbali ya zojambula, pemphani ndondomeko ya tsiku ndi tsiku muione nokha. Mukaona kuti alembapo malo anayi kapena asanu pa tsiku limodzi, dziwani kuti ana akangothamangitsidwa ngati mbuzi. Louvre yokha, malo aakulu oonetsera zaluso a ku Paris, ili ndi zinthu pafupifupi 35,000 zoonetsedwa, ndipo palibe amene angaimalize tsiku limodzi. Aliyense amathamangira chithunzi chotchuka cha Mona Lisa, kukafika n'kupeza kachithunzi ka masentimita 77 m'litali ndi 53 m'lifupi, kali kuseri kwa galasi, khamu la anthu litakweza mafoni m'mwamba. Ana ambiri amachokapo atakhumudwa. Chomwe chinatithandiza ife n'choti mwana aliyense asankhe chithunzi chimodzi kapena chosema chimodzi, akhale pansi ndi pensulo ndi kabuku kake, achijambule kwa ola lathunthu. Kujambula ndi pensulo amalola m'menemo. Mwana akakhala ola akuyang'ana dzanja limodzi la chosema, amayamba kuona pomwe kuwala kukugwera ndi pomwe mmisiri anasiya mwala wosasalaza, zinthu zomwe pa foni kapena m'buku sizioneka.

Ine ndimakonda kwambiri Musée d'Orsay kuposa Louvre kwa ana a msinkhu umenewu. Poyamba inali siteshoni ya sitima, anaisandutsa malo oonetsera zaluso mu 1986, ndipo ndi yaing'ono moti mwana satopa asanafike pa zithunzi za akatswiri ojambula Monet ndi Van Gogh. Pa zithunzi za Van Gogh utoto ndi wokhuthala moti ukayandikira umaona mizere momwe burashi inadutsa. Mnyamata wina anaima pamenepo mpaka tinachita kumukoka. Kanthu kena kakang'ono koma kamasonyeza ngati okonza ulendo akudziwa ntchito yawo: Louvre imatseka Lachiwiri, Orsay imatseka Lolemba. Malo onse awiriwa ana osakwana zaka 18 amalowa ulere, ndiye ngati pa ndalama zomwe akulipiritsani pali ya matikiti a ana olowera kumeneko, funsani bwinobwino.

Za mapepala musazengereze. Ngati pasipoti ya mwana wanu ndi yofunika viza ya Schengen, yomwe ndi chilolezo cholowera ku France ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya, mutha kupempha kutatsala miyezi 6 kuti anyamuke, ndipo lamulo limati pasachepere masiku 15, koma musadikire masiku 15 amenewo. Pasipoti ikhale yogwirabe ntchito kwa miyezi itatu kuchokera tsiku lomwe adzatuluke kumeneko, ikhalenso ndi masamba awiri opanda chidindo. Pamafunika inshulansi yachipatala yotha kulipira chithandizo cha mayuro osachepera 30,000, komanso kalata ya chilolezo yosainidwa ndi makolo popeza mwanayo sanakwane zaka 18. Kalata imeneyi ndi yomwe imachedwetsa anthu ambiri, makamaka ngati kholo lina limakhala kutali.

Funsaninso kuti aphunzitsi operekeza ndi angati, ngati pali wamkazi woyang'anira atsikana, ndiponso ndani anawafufuza mabanja omwe ana akafikireko. Ngati mwana amamwa mankhwala, apite nawo m'paketi yake yomwe pamodzi ndi kalata ya dokotala.

Mayankho a zimenezi akakhala omveka, ine ndinganene kuti mloleni apite. Koma musanapereke ndalama yoyamba, a sukulu akulembereni papepala kuti viza ikakanidwa adzakubwezerani zingati.