Za ma resolution, ine ndinasiya kulonjeza mu January

Achimwene, funso lanu landikhudza chifukwa nanenso ndadutsa momwemo. Mukuti chaka chilichonse pa crossover, mapemphero a usiku wolowera chaka chatsopano aja, mumalonjeza kusiya mowa, kusunga ndalama ndi kuyamba kumanga kumudzi, koma ikamafika February zonse zagwa ndiye mwayamba kudziona ngati munthu wopanda mutu, mukufunsa ngati ma resolution ali ndi phindu. Ine ndinene mosabisa, zolonjeza pa 1 January sindizikhulupirira, makamaka kwa ife a ku Joni kuno, ndipo sikuti inuyo ndinu ofooka ayi.

Tangoonani January wathu mmene amakhalira. Ife a zomangamanga masaiti amatseka chapakati pa December mpaka mu January, ngati umalipidwa pa tsiku ndiye kuti masabata onsewo palibe cholowa m'thumba, alongo athu ogwira m'nyumba mabwana awo apita kuholide ku Durban kaya ku Cape Town, ena amawalipira ena ayi. Amene anakadya Khirisimasi kumudzi abwera atauma, basi yochokera pa Park Station kudutsa Beitbridge, Tete mpaka pa Mwanza si ndalama yamasewera, osanena za katundu amene unanyamula. Renti ikudikira. Kumudzi nako ndi nthawi imene foni sipuma, chimanga chatha m'nkhokwe, akufuna feteleza wobereketsa, ana akutsegulira teremu yachiwiri fizi ikufunika. Eni dziko okha mwezi umenewu amautcha Januworry, nanga ife obwera? Ndiye munthu ulumbire kuti kuyambira mwezi umenewo uzisunga R1,000, uitenga kuti? Choipa kwambiri n'chakuti ukalephera mwezi woyambawo mtima umagweratu, n'kumati basi chaka chino chaonongeka ndidikira chamawa, pamene miyezi 11 ikadali patsogolo.

China ndi kuchulukitsa. Mowa, ndalama, nyumba, zonse nthawi imodzi, paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Ine zaka 3 zotsatizana ndinkalemba kuti chaka chino ndimanga nyumba. Koma nyumba si chinthu choti ungadzuke Lolemba m'mawa n'kuchichita, ndiye ndinkangotumiza ndalama mwa apo ndi apo kuti azindisungira mpaka idzakwane. Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti ndinaimba foni kufunsa kuti ndalama ija ingagule simenti ingati, ndinapeza kuti mphamvu yake yachepa kwambiri, komanso ina m'bale wanga wina anali atadyako kale osandiuza. Usiku umenewo sindinagone, thukuta langa lonse lija lonyamula matailosi pa masitepe. Kuyambira pamenepo ndinasiya kukamba za nyumba, ndinayamba kukamba za malata. Tsiku lolandira, ndisanakwere n'komwe taxi yobwerera ku Turffontein, ndimatumiza pa Mukuru ndalama ya malata 2 kwa mayi anga, iwo akagula amandijambulira pa WhatsApp ndi lisiti lomwe. Mwezi ukavuta ndimagula lata limodzi, ndipo ulipo mwezi umene mwana anadwala sindinagule olo limodzi, koma wotsatira ndinapitiriza osadziimba mlandu. Lata silichepa mphamvu kwacha ikagwa, komanso munthu sangabwereke lata kuti akagulire ndiwo. Ndipo ndinayamba mu March ntchito itakhazikika, panalibe kuphulitsa makombola kapena kulumbira, linali tsiku wamba ngati lililonse.

Za mowazo ndikuuzeni ngati m'bale wanu. Kungoti "ndasiya" sikukwanira, khalani pansi muone kuti mumamwa liti ndipo ndi ndani. Ambiri a ife ndi Lachisanu tikangolandira, ndalama ili m'thumba, njira yakunyumba yadutsa pa tavern, anzathu akutikodola. Tumizani kaye ya kumudzi ndi ya renti musanachoke pa ntchito, tsikirani pa siteji ina, uzani munthu mmodzi amene mumamuchitira manyazi kuti azikuimbirani madzulo amenewo. Koma ngati mwafika poti mukapanda kumwa manja amanjenjemera, thukuta, tulo osabwera, chonde musasiye mwadzidzidzi nokha m'chipinda chifukwa zimatha kuika moyo pachiswe, pitani ku kiliniki kapena ku SANCA, bungwe la kuno lothandiza anthu ovutika ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Palibe chamanyazi pamenepo.

Sindikuti musapite ku crossover ayi, nanenso ndimapita ndipo ndimathokoza Mulungu kuti wandisunga m'dziko la eni, kuno tanyamula maliro a anzathu ambiri kuwatumiza kumudzi. Pempherani ndithu. Kungoti lonjezo limene mwauza mtima wanu wokha pakati pa usiku kulibe amene adzakufunseni pa 25 wa mwezi kuti zili pati. N'chifukwa chake chipeleganyu, chomwe anzathu a kuno amati stokvel, chimayenda ngakhale kwa anthu amene paokha sangasunge olo R50, umadziwa kuti ukapanda kusonkha mnzako sakalipira fizi ya mwana wake ndipo Lamulungu mukaonana maso ndi maso.

Ndiye pa zitatu zanuzo sankhanipo chimodzi, ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi Lachisanu lija chifukwa ndalama ya malata ili momwemo. January ameneyu ingolimbanani ndi renti ndi njala ya kumudzi, musadzipanikize. Ngati mumakhala chakuno kumwera kwa tauni, ife tilipo anthu 6 a chipeleganyu timakumana tikaweruka ku tchalitchi Lamulungu loyamba la mwezi, ndilembereni ku inbox mubwere mudzangoona kaye mmene timachitira, musanaikemo olo khobidi.