Thukuta m'masiki: yankho kwa mayi a ku Moatize

Kalata ya mayi wina wa ku Moatize yakhala mu foni yanga masiku anayi ndisanaiyankhe. Amuna awo anawapeza ndi vuto lobanika kutulo, lija madokotala athu amati apneia do sono, ndipo anagula makina a CPAP, aja okankha mpweya kudzera mu paipi ndi masiki yovala kumaso pogona. Koma chiyambire kutentha kwa Okutobala akumavula masiki pakati pa usiku chifukwa cha thukuta. Funso la mayiwa ndi lalifupi: "Kodi angawasiye kaye makinawa mpaka mvula itagwa?"

Ayi mayi, asawasiye. Ndinachedwa kuyankha chifukwa zimene akuchita bambowo ndinazichitapo ine, ndipo ndikazikumbukira mtima umandiwawabe.

Kwathu ndi ku Angónia, mbali ya ku Dómuè, kumene m'Juni mwana amapita kusukulu manja ali m'khwapa. Ku Tete kuno inandibweretsa ndi ntchito, ndipo ndimakhala ku Matundo. Mkonono ndinali nawo kuyambira kale, abale ankangouseka. Amene sankaseka ndi mayi a kunyumba. Usiku wina anandigwedeza mwamphamvu nandiuza kuti, "Bambo, inu simukungoliza mkonono ayi, mukumasiya kupuma. Ndimawerenga chamumtima mpaka ndimachita mantha." Ndinawayankha kuti ndi kutopa chabe. Patapita miyezi ingapo ndikuyendetsa galimoto pa msewu wa ku Zóbuè, masana dzuwa lili paliwombo, ndinangodzidzimuka matayala akulira m'miyala ya m'mbali mwa msewu, mbuzi zikubalalika. Mwana wanga wamkazi anali kumpando wakumbuyo. Sindidziwa kuti maso ndinatseka nthawi yanji.

Madokotala atandiyeza usiku wonse, anapeza kuti mpweya unkaduka kapena kuchepa kopitirira ka 30 pa ola limodzi, ndipo pamenepo madokotala amati vuto ndi lalikulu. Chimachitika n'chakuti munthu akagona minofu ya kukhosi imalefuka, njira ya mpweya n'kutsekeka kwa masekondi 10 kapena kuposa, ubongo n'kumudzutsa pang'ono kuti apume, iye osadziwa. Kukacha mutu uli waa, thupi lili lofooka ngati sunagone. Makina a CPAP amangokankha mpweya mosalekeza kuti njirayo ikhale yotsegula. Anawayambitsa ndi dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, amene anafalitsa zotsatira zake mu 1981. Sachiritsa. Usiku umene wawasiya, vuto limabwerera usiku womwewo.

Izi ndinkazidziwa bwinobwino, komabe Okutobala woyamba ndinawapinda makina n'kuwaika pamwamba pa kabati kwa milungu itatu. Amene sanagonepo mumzinda wa Tete m'mwezi umenewu sangamvetse. Masana kumapitirira madigiri 40, malata amasunga moto mpaka usiku, khoma ukaligwira lili ngati chiwaya, ngakhale mphepo yochokera ku Zambezi imabwera yofunda. Masiki inkaterera ndi thukuta, mpweya n'kumathawira m'maso, ine n'kumamangitsa malamba mpaka pamphuno panatuluka chilonda. Nditasiya, mutu wam'mawa unabwerera, BP inakwera, ndipo tsiku lina ndinagona pamsonkhano wa kuntchito anthu akundiyang'ana. Mayi a kunyumba sanandikalipire. Anangotsitsa makina aja, kuwapukuta fumbi, n'kunena kuti, "Ine umasiye sindikuufuna."

Pano ndilankhule mosabisa. Amuna ambiri kuno timanamizira kutentha pamene chenicheni ndi manyazi. Kugona ndi chipaipi kumaso pamaso pa mkazi wako, alamu ako akabwera n'kumafunsa ngati wadwala kwambiri, zimenezo zimatibaya kuposa thukuta. Ndipo zimandipweteka kuti mkonono timautenga ngati nthabwala ya pamaliro, kumaseka amene wagona pabenchi, pamene mwina munthuyo akubanika. Madalaivala angati a malole amene amawoloka mlatho wa Kassuende usiku ndi usana akuyenda ndi tulo tosatha? Munthu amene wapeza mwayi woyezedwa n'kupeza makina, zinthu zodula chonchi, asawasandutse chokongoletsa pakabati.

Chimene chinanditsegula maso n'chakuti makinawa saziziritsa mpweya. Amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo, ndipo injini yake imaufunditsako pang'ono. Pa kabuku ka makina ambiri analemba kuti amagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 5 ndi 35. Kuwonjezera apo, makinawa ali ndi kathanki ka madzi, ndipo pansi pake pali kachitsulo kotenthetsa kuti mpweya ukhale ndi chinyezi. Anga anandipatsa atawatchera ngati ndikukagona kudziko lozizira, ndipo ine ndinkapuma nthunzi yofunda m'chipinda chotentha kale, osadziwa kuti pali poti n'kuchepetsa.

Zodabwitsa n'zakuti chigawo chathu chomwechi chili ndi mavuto onse awiri, kutentha ndi kuzizira. M'Juni wotsatira ndinapita kumudzi kukaona amayi anga. Usiku woyamba ndinadzuka paipi ikulira kuti gudugudu, madzi ozizira akudontha pamphuno. Ndinkaganiza kuti makina afa. Koma anali mame chabe: mpweya wofunda wachinyezi ukadutsa m'paipi yozizira umasanduka madontho, monga mmene zimachitikira pansi pa chivindikiro cha mphika. Kutacha mayi a kunyumba anang'amba kapulana yakale ya buluu, yamaluwa ofiira, anaipinda kawiri, n'kusoka kathumba kakatali kovekera paipi yonse. Anakhala pakhonde akusoka ndi manja, ulusi ali nawo pakamwa, ana a achimwene atawazungulira kufunsa ngati akusokera njoka malaya. Usiku umenewo ndinalowetsa paipi m'bulangete, makina ndinawaika pampando wotsikirapo kuposa mutu wanga kuti madontho azibwerera kuthanki, ndipo ndinagona mpaka tambala wachitatu. Kathumba kaja ndikadali nako. Pali mapaipi ena okhala ndi waya wotenthetsa mkati, amathandiza kwambiri kwa a kumadera ozizira ngati ku Tsangano ndi ku Furancungo, koma kapulana nayo inagwira ntchito.

Usiku womwewo amayi anga, mwa chikondi chawo, anabwera ndi mbaula ya makala kuti andifunditsire chipinda. Ndinawakanira mwaulemu, koma ndinakanitsitsa. Mbaula m'chipinda chotseka imapha ngakhale munthu wopanda makina, chifukwa mpweya wake woipa sununkha, ndipo kasefa ka CPAP sikaugwira. Makina angoukoka n'kukupopera m'mapapo. Chimodzimodzi utsi wa koyilo ya udzudzu: musayatse pafupi. Gonani mu neti, paipi idutse pansi pake.

Zoti bambo achite m'nyengo yotentha

Achepetse kutentha kwa kathanki, kapena azimitse kotenthetsako n'kusiya madzi ozizira momwemo. Akaona kuti mphuno ikuuma, akwezeko pang'ono. Ngati paipi yawo ndi yotenthetsa, aitsitsenso. Nambala ya mphamvu ya mpweya asaikhudze, imeneyo ndi ya adokotala. Asambe asanagone, kumaso kuume, asadzole mafuta, ndipo masiki aziitsuka tsiku lililonse ndi sopo wosanunkhira. Malamba asamangitse. Kansalu kopyapyala ka thonje pakati pa khungu ndi masiki kamamwa thukuta. Ngati amapumira m'mphuno, afunse za masiki yaing'ono yongokhala pamphuno. Ventuinya, ija fani, iziwomba iwowo, ndipo makina akhale poyera, osati pansi pa bedi kapena mophimbidwa ndi nsalu.

Ku Moatize kuli fumbi la malasha ndi la malole, choncho kasefa kakumbuyo muzikayang'ana sabata iliyonse. Kakada, sinthani, musadikire tsiku lolembedwa m'kabuku. Madzi abwino ndi aja osungunulidwa kuchokera ku nthunzi, água destilada, a ku famasi. A pampopi amasiya zoyera zouma pansi pa thanki. Madzi a batire a kugalaja ine sindiyerekeza, ndipo mankhwala onunkhira a chimfine asalowe m'thanki.

Ndatsala pang'ono kuiwala za magetsi. Kotenthetsa madzi ndi kumene kumadya magetsi ambiri pa makinawa, ndiye mukazimitsa, batire imakufikitsani kutali magetsi akathima usiku. Ine ndili ndi batire yaing'ono ya sola ndi chingwe chogwirizana ndi makina anga. Usiku wotentha kwambiri timayala matiresi pabalaza pamene pamadutsa mphepo, zenera lotsegula, neti titamangirira kumitanda.

Mayi, awerengereni bambo zimenezi madzulo ano muli awiri, ana atagona. Ayambe ndi kuzimitsa kotenthetsa kaja usiku womwe uno. Akavulabe masiki m'tulo, musawadzudzule, ingowadzutsani avalenso. Ngati pakatha sabata chilonda cha pamphuno kapena kuthawa kwa mpweya sikunasinthe, apite ndi makina onse kwa amene anawapatsa akawaonere masiki ina. Mundilembere kuti ndi mtundu wanji wa makina, ndikuuzeni pamene pali batani la chinyezi.