Vesi la akapolo silikukutumiza ku Oman

Kalata yandipeza kuchokera kwa mtsikana wina wa kwa Malengachanzi ku Nkhotakota, ndipo madandaulo ake si achilendo kwa ine. Adalemba MSCE napeza mapointi 38, mtima wake uli pa unamwino, koma amalume ake amene ankamulipirira fizi amupezera ejenti wolonjeza ntchito ya m'nyumba ku Oman. Ejentiyo akuti alipira pasipoti ndi tikiti, ndipo ndalamazo azidzazidula pa malipiro. Mtsikanayu atazengereza, amalume adamuwerengera Aefeso 6:5, pomwe akapolo akuuzidwa kumvera ambuye awo, nati Mkhristu sakana ntchito. Funso lake ndi lakuti akakana, kodi achimwa?

Mwana wanga, suchimwa. Paulo ankalembera anthu amene anali kale mu ukapolo mu ufumu wa Aroma, ndipo pa vesi 9 adatembenukira ambuye awo n'kuwaletsa kuopseza, popeza Mulungu alibe tsankho. Palibe pamene adauza mfulu kuti ikadzipereke. Pa 1 Akorinto 7:21-23 adati kapolo akapeza mpata womasuka augwiritse ntchito, nawonjeza kuti tidagulidwa ndi mtengo wapatali, choncho tisakhale akapolo a anthu. Eksodo 21:16 amagamula imfa kwa woba munthu n'kumugulitsa, ndipo kapolo Onesimo adabwezedwa kwa mbuye wake Filemoni kuti alandiridwe ngati m'bale. Wina akadzakuuza kuti kusowa ntchito ndi goli lauzimu lofunika kulipirira mapemphero, ukumbukire kuti ukapolo umene Yesu adaunena pa Yohane 8:34 ndi wa tchimo, osati wa umphawi.

Inu amalume, ndikulemekeza fizi imene mudalipira, koma zimene mukuchitazi zandikwiyitsa. Mwana wa mlongo wanu si katundu wobwezera ndalama, chifukwa ulemerero wake uchokera pa kulengedwa m'chifaniziro cha Mulungu, monga pa Genesis 1:27, osati pa ndalama zimene angatumize kumudzi. Inu ndinu a ku Nkhotakota, kumene Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika m'zaka za m'ma 1840 n'kumaolotsa anthu pa nyanja kupita ku msika wa akapolo wa Kilwa, ndipo mkuyu umene David Livingstone adakumanirana ndi Jumbe ukadalipo pa boma pomwepo. Mbiri imeneyi mukuidziwa kuposa ine. M'zaka zapitazi amayi a ku Malawi adalira ali ku Oman atalandidwa mapasipoti, popeza m'dongosolo la kafala chilolezo chokhala m'dzikomo chimamangidwa pa dzina la bwana, ndipo wochoka osaloledwa amatengedwa ngati wothawa. Ngongole ya tikiti ndiyo chingwe chake, monga Miyambo 22:7 ikunenera kuti wokongola amakhala kapolo wa womukongoza. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa ukapolo, ndipo lamulo lothana ndi kugulitsa anthu lidakhazikitsidwa mu 2015.

Tsono iwenso mwana wanga, ndikuuze mosabisa. Ndi mapointi 38, unamwino uyambe wauika pambali, chifukwa malo ndi ochepa ndipo opikisana nawe adakhoza bwino Biology, Chemistry ndi Masamu. Ngati mtima ukukakamira kumeneko, lowa sukulu ya open, ulembenso mayeso a MANEB, ndipo ulimbikire koposa kale. Chimene sindifuna kumva ndi chakuti wakhala pakhonde chaka china ukudikira mwayi, pakuti kukhala chabe kumeneko ndiko kumapatsa amalume mphamvu yokusankhira.

Njira imene ndikuikhulupirira ndi ya luso la manja kudzera ku TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a luso la manja. Salima Technical College ili ku Senga Bay, si kutali ndi kwanu, ndipo makoleji a m'madera adayamba kutsegulidwa mu 2015 kuti athandize achinyamata ngati iweyo. Usathamangire kusoka chabe chifukwa ndiwe mtsikana. Ganizira zamagetsi, kuwotcherera zitsulo kapena kukonza makina, popeza dera lanu lili ndi fakitale ya shuga ku Dwangwa, zigayo za mpunga, mainjini a maboti a asodzi, komanso malo opangira magetsi a dzuwa a 60 MW ku Salima amene adatsegulidwa mu 2021. Sindikulonjeza kuti ntchito idzakupeza tsiku lomwe watenga satifiketi, ndipo miyezi yoyamba malipiro amakhala ochepa, koma luso palibe bwana amene angalitsekere m'kabati monga pasipoti.

Kalata yako yalembedwa mwadongosolo, ndipo munthu wofunsa asanasaine ali ndi nzeru zokwanira kumaliza kozi. Usapereke chiphaso chako cha unzika kwa ejentiyo. Pita ku ofesi ya zantchito pa boma ukafunse ngati ejentiyo ali m'kaundula, uone zolengeza za TEVETA za kalembera wa ophunzira atsopano, kenaka upemphe abusa kapena mkulu wa mpingo amene amalume amamulemekeza kuti akhalepo pamene ukuwayankha.