Funsani Dokotala wa Mano: Pomwe anamata dzino la mwana pakukhakhala

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wa zaka 9 anamumata dzino lakumapeto mwezi watha. Makina obowola aja sanagwire ntchito. Anangokokota pofumbwa ndi kachitsulo, n'kumata zoyera, n'kupakapo Vaseline. Anatiuza kuti zomatazo zimatulutsa fluoride. Pano mwanayo akuti akapititsapo lilime pakumakhakhala. Kodi anamata bwino? Chinanso, kwathu kuno anthu ambiri mano awo ndi ofiira, akuti chifukwa cha fluoride wa m'madzi a pamjigo. Kodi sindinamuwonjezere vuto mwanayu? Ndine mayi wa ku Machinga.

YANKHO: Mayi, mtima ukhale m'malo. Mmene mwafotokozeramu, mwanayo anamumata ndi glass ionomer, ndipo mamatidwe opanda makinawo ife timawatcha ART. Si ntchito yachidule ayi. Njirayi inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, anayiyesanso pa ana asukulu ku Zimbabwe, ndipo inapangidwira malo opanda magetsi. Mu 2021 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika glass ionomer pamndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri.

Glass ionomer ndi ufa wa galasi wokhala ndi fluoride (mchere wolimbitsa mano), womwe timausakaniza ndi madzi a asidi mpaka ukhale phala lolimba. Ukauma umagwirana ndi dzino pawokha. Tsiku loyamba ndi lachiwiri umatulutsa fluoride wochulukirapo, kenako amatsika msanga n'kumangodontha pang'onopang'ono kwa miyezi ngakhale zaka. Ntchito yake ndi kulimbitsa dzino m'mphepete mwa pomatapo, pomwe kufumbwa kumakonda kuyambiranso. Sikuti amateteza m'kamwa monse. Ndimakumana ndi makolo oti akamva kuti "muli mankhwala" amaganiza kuti mswachi wapuma, pomwe chomatiracho chili ngati chinkhupule: mwana akatsuka ndi mankhwala a mano okhala ndi fluoride chimayamwako, n'kumadzatulutsanso. Pogula mankhwalawo muziona pachubu, palembedwe 1000 mpaka 1500 ppm, womwe ndi muyeso wa fluoride. Azitsuka m'mawa ndi pogona, alavule koma asachukuche ndi madzi.

Zakukhakhalazo n'zoona, mwanayo sakunama. Glass ionomer sasalala ngati composite, pulasitiki woyera uja timamata mano akutsogolo n'kuumitsa ndi kanyali kabuluu. Composite amawala komanso sachedwa kupusitsa diso, koma fluoride amatulutsa wochepetsetsa kapena osatulutsa n'komwe. Pa mwana amene mano ake amafumbwa msanga, ine ndimasankha wokhakhalayo. Vaseline uja anapaka kuti malovu asalowerere phalalo lisanakhwime, chifukwa likanyowa msanga pamwamba pamafewa n'kumanyenyeka.

Komabe pokhakhala pamakanirira zotsalira za chakudya, ndiye mswachi uzifikapo ndithu. Zowawasa zimadyanso pamwambapo: zakumwa za m'mabotolo, malambe, bwemba, mandimu. Sindikuti asalawe, koma asamangokhala chimumunyire tsiku lonse. Chimanga chokazinga ndi nzimbe azitafunira mbali inayo, pakuti chomatira chimenechi sichichedwa kubenthuka. Ngati pomatapo pali pakuthwa mocheka lilime, kapena akaluma dzinolo likuyamba kugunda anzake asanagunde, bwererani naye kuchipatala akasalaze. Ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Pa za mano ofiira, chomatiracho chilibe mlandu. Fluoride wake ndi wochepa kwambiri moti sangasinthe mtundu wa mano. Kufiira kuja kumabwera mwana akamamwa tsiku ndi tsiku madzi okhala ndi fluoride wopitirira muyeso pamene mano akupangika mkati mwa nkhama, makamaka asanakwane zaka 8. Muyeso wa WHO ndi mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi. Dzino likatuluka lili labwinobwino silifiiranso ndi fluoride. Ngati muli ndi ana aang'ono kuposa uyu, nkhawa yanu ipite kumjigoko. Kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride, choncho pemphani alangizi a zaumoyo kapena a ofesi ya zamadzi ya boma lanu kuti madziwo ayezedwe.