Mwana akamamwaza makadi kuti atuluke

Mphunzitsi wina wa ana a zosowa zapadera wandilembera imelo. Ali ndi mnyamata wa zaka 7 amene amavutika kulankhula, ndipo amakhala naye payekha kuti amuphunzitse kutchula mawu. Akangotulutsa makadi a zithunzi, mwanayo amawamwaza, kudzigwetsa pansi n'kumakuwa, mpaka amamubweza m'kalasi. Funso lawo n'lakuti: "Ndimulange bwanji kuti asiye?"

Aphunzitsi, za chilango tiyambe taziika pambali. Taonani mmene zikuyendera: makadi atuluka, mwana akuwa, ntchito yathera pompo. Kukuwako kukumupindulira. Mwana amene pakamwa pakumukanika wapeza njira yonenera kuti "zandivuta", ndipo nthawi iliyonse mukamubweza m'kalasi mukumutsimikizira kuti njirayo ndi yabwino.

Mu 1985, akatswiri awiri a ku America, Edward Carr ndi Mark Durand, anasonyeza kuti mwana akaphunzitsidwa njira yosavuta yopemphera chomwe amachipeza povuta, kuvutako kumachepa. Ndiye jambulani khadi limodzi lotanthauza "ndipume". Mukangoona zizindikiro, kaya wayamba kugwedezeka pampando kapena kukankha tebulo, mutsogolereni dzanja akhudze khadilo, ndipo mulekeni apume nthawi yomweyo. Mphindi imodzi kapena ziwiri, m'chipinda momwemo, kenako mubwerere pa ntchito. Masiku oyamba adzalikhudza pafupipafupi. Musadandaule nazo, mudzatalikitsa pang'onopang'ono.

Ntchitonso ichepe. Yambani ndi mawu amene amawatha kale, monga "mama" kapena "madzi", lovuta libwere pakati. Muonetseni makadi atatu okha, adziwe kuti akatha amenewa asewera mpira.

Chimene chimagwetsa ulesi ambiri ndi ichi: mukasiya kumubweza m'kalasi, kukuwa kumatha kuyamba kwakula kaye. Akuyesa ngati njira yakale ikugwirabe. Chotsani zimene angadzipweteke nazo, lankhulani motsitsa, mawu ochepa. Akakhazikika, achite kanthu kamodzi kosavuta musanatsazikane. Kumumenya ayi, chonde. Adzayamba kuopa chipindacho ndi inu omwe.

Onaninso nthawi imene mumamutenga. Ngati ndi pamene anzake akulandira phala, ali ndi chifukwa chokwiyira. Funsaninso makolo ngati khutu limamupweteka kapena kutuluka mafinya, chifukwa mwana wosamva bwino amatopa msanga ndi ntchito ya mawu. Ngati zili choncho, apite naye kuchipatala akamuyeze makutu.