Mmene mabanki aang'ono ankaziziritsira mitima ya osunga ndalama

Achimwene, ena mwa mabanki aang'ono a ku America amene anapulumuka pa mavuto azachuma a 1930 mpaka 1933 ankadalira kwambiri kuonetsa anthu ndalama ndi maso, osatseka chitseko.

Taonani zimene anachita Marriner Eccles, mkulu wa banki ina ku Ogden, m'chigawo cha Utah. Mu 1931 anthu atakhamukira kubanki yake kukatapa ndalama zawo mwamantha, anauza ogwira ntchito pakauntala kuti alipire aliyense, koma aziwerenga ndalamazo pang'onopang'ono. Anaitanitsa ndalama zina ku nthambi ya ku Salt Lake City ya Federal Reserve (banki yaikulu ya dziko la America), zinalowa anthu akupenya, ndipo analengeza kuti satseka mpaka womaliza atathandizidwa. M'mawa mwake anawauza kuti azilipira mwachangu kuti mzere usaoneke. Mantha anazilala.

Zinatheka chifukwa wothamangira kubanki amaopa kutsalira anzake atatenga zonse. Ndaziona ngakhale ku banki m'khonde, mphekesera ikangomveka aliyense amafuna zake lero lomwe.

Komatu nzeruzi sizinkathandiza banki yomwe inabwereketsa ndalama mosasamala. Mabanki pafupifupi 9,000 anagwa ndithu, mpaka boma linakhazikitsa bungwe la FDIC mu 1933 kuti liziteteza ndalama za osunga.

Ngati nkhawa yanu ili pa ndalama zanuzanu, kaonaneni ndi katswiri wa zachuma musanazitape.